Kope la Mlatho wa ku Biwi

Ndayamba nalo m'mamawa kope ili,
lachikuto chobiriwira, lotsala kwa mwana wanga atasiya masamu.
Tsamba loyamba: dzina, ndalama, sayini.
Wosadziwa kulemba adinde chala.

Mayi Nasimango a mandasi, faifi handiredi,
yonyowa ndi mafuta, yonunkhira chiwaya.
Lemani wa kabaza, thu handiredi yong'ambika pakona,
akuti yotsalayo mawa, akanyamula anthu a ku Tsoka.
Wowotcherera zitseko sanapereke kanthu
koma walonjeza moto wake Loweruka, magetsi akalola.

Ngalande yathu ija mukuidziwa.
M'chilimwe ndi dzala la majumbo ndi mabotolo,
Januwale akafika imasanduka mtsinje wa mkokomo,
ana a sukulu nsapato m'manja, makope pamutu,
matabwa awiri ovunda ndiwo mlatho.
Chaka chatha inameza njinga ya a Chimbalanga
ndi matumba awiri a makala;
eni ake anapulumukira muzu wa mkesha.
Za akukhonsolo musandifunse,
ndawadikira mpaka imvi.

Tsopano ndaima pa shopu yanu, a Okechukwu,
pakati pa mashoko, mabelingi ndi fungo la girisi.
Mwaona kope, mwayamba kuseka:
"Mama, ine ndine mlendo. Kwathu ndi ku Nnewi,
ndimatumiza kale kumeneko, tikumanga holo."

Mangani holoyo, akuletseni ndani?
Koma paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.
Inu zaka khumi ndi chimodzi, dzuwa lonseli, simunakamukebe.
Mame anji odziwa mtengo wa bonya,
okangana ndi kondakitala pa chenje,
ochezera nafe pa maliro mpaka mbandakucha?
Mwana wanu Nkiruka amalankhula Chichewa
chothyakuka kuposa changa,
ndipo dzana ndinamuona ndi maso angawa
akuwoloka thabwa lomwelo, chikwama chikumukokera kumadzi.
Madzi safunsa pasipoti.

Mukuti nanga zikadyedwa?
Funso labwino, ndisaname.
Komiti yakale inagula malata a nyumba ya tcheyamani,
tonse timawaona akunyezimira masana.
N'chifukwa chake kopeli siligona m'thumba:
Lachisanu lililonse timalitsegula pa mjigo,
aliyense amve dzina lake ndi tambala yake.

Sindikupempha galimoto kapena ng'ombe.
Ya mayunitsi a tsiku limodzi, basi.
Uzani anzanu a mzere wonsewu,
a magalasi, a matayala, uja wa mabatire wosasekayu,
ndi aja mumakumana nawo Lamulungu masana
kuseri kwa tchalitchi, mukudya za tsabola wolilitsa.
Aliyense kangachepe.
Chiswe chimamanga chulu ndi malovu,
palibe ndi chimodzi chomwe chinasenzapo njerwa.

Mwakhala chete. Wailesi ikukamba za mpira.
Mwatsegula kabati, mwatseka. Mwatsegulanso.
Thu sauzande.
Kenako mwaloza kuseri:
zitsulo zinayi za lole yakufa, zadzimbiri koma zolimba.
"Izi zingagwire ntchito?"
Ndati wowotcherera adzaziona Loweruka.

Dzina lanu landipinda lilime, ndakupatsani cholembera.
Lakhala m'munsi mwa la wowotcherera,
pamwamba pa mzere wopanda kanthu
umene ndikusungira alandilodi athu,
amene akuti ali ku Salima
pomwe galimoto yawo ikuwothera dzuwa pakhomo.

Madzulo ndiwerenga pa mphasa, chitseko chotseka.
Sizikwana, ndikudziwa.
Simenti yakweranso sabata ino,
mchenga tikatuta tokha ndi ndowa,
ndipo bondo lakumanzereli layamba kudandaula.
Koma kope latsala ndi masamba makumi atatu,
mawa ndiyambira kwa ometa tsitsi,
ndipo mitambo ya ku Dedza sinayambe kuda.