Mgonero wa Pamwamba

Chikepe chawakweza nsanjika makumi anayi
pamwamba pa Bangkok.
Bambo Bunchuai akungokoka kolala ya malaya obwereka
ngati muli nsikidzi.
Pansipo, mumtsinje wa Chao Phraya,
mabwato asanduka ziphaniphani.

Wilaiwan walandira malipiro ake oyamba.
"Itanitsani chilichonse, Ababa."

Mnyamata wa jekete yoyera awerama,
nanong'ona dzina la mbale iliyonse
ngati tili pasiwa.
Nkhanu ziwiri zagona patsamba la nthochi,
msuzi wa kokonati ukufuka m'kabakuli kagolide,
papaya wamuwisi amuveka duwa kumutu.

Bambo alawa. Atafuna. Adikira
moto umene sukubwera.
Malemu akazi awo ankaponya tsabola khumi mumtondo
m'mbali mwa msewu ku Roi Et,
fumbi la mabasi likuthirako mchere wake;
wogula ankalira, n'kulipira,
mawa n'kubweranso.

"Kodi zakoma?"
Diso lagwa pamtengo wake:
matumba awiri a mpunga wa kumunda.
Kenako pankhope ya mwana.

"Tsabola wake ndi ameneyu," anama,
napukuta maso ndi kansalu koyera
kamene amaopa kukadetsa.