Makina Okwera Kokonati

Loweruka ku Ipswich,
kamvula kaja kosagwa kosaleka, kongonyowetsa khosi.
Titaweruka ku wodi Jincy anandikoka dzanja:
"Tiye, ukagona mawa."
M'maso mwanga muli mchenga wa mausiku anayi.

Holo ya tchalitchi, mipando ya pulasitiki,
nsalu yoyera yopanidwa ndi mapegi a zovala,
ana akukwawa pansi pa miyendo ya anamwino,
fungo la anyezi wokazinga ndi majekete onyowa.
Mmalawi ndine ndekha.
Mawu omasulira a m'munsi mwa kanema akana kutuluka,
Shibu wamenya makina kawiri ndi chikhatho
n'kunena kuti basi, tionera chomwecho.

Uyo, mwamuna wa masharubu,
wapanga makina okwera mtengo wa kokonati:
tcheni cha njinga, mpando wa m'kalasi,
kainjini ka mpope kotsokomola ngati wosuta chingambwe.
Anzake atatu.
Wina wagwira chingwe, wina ambulera,
wachitatu akungosenda nthochi,
iye wadzera umboni basi.

Makina akwera.
Akwera ndithu, anthuni!
Koma zotsika mwini wake sanaziganize.
Dzuwa lapendeka ali pomwepo, akukangana ndi khwangwala,
mkazi wake pansi akumanga chakudya m'ndowa,
nkhope ili gwa, ngati wazichitapo kale.

Chimalayalamu chikugubuduka ngati timiyala m'chitini,
sindinatolepo liwu ndi limodzi lomwe,
koma nthiti zinandiwawa,
misozi mpaka pa baji ya kuntchito.
Jincy anasendera kuti andimasulire.
Ndinati leka, mnzanga,
ameneyu ndikumudziwa.

Ndi Yotamu uyu, mlongo wanga wa ku Chilomoni,
amene anagula firiji yakufa kwa Mmwenye,
n'kuikamo mababu asanu ndi limodzi ndi mbale ya madzi,
ati chofungatira mazira,
ati pofika Khirisimasi tidzakhala tikukana nkhuku.
Mazira makumi atatu a amayi, angongole.
Dausi analondera usiku, Kachingwe analemba m'kope,
ndipo tsiku lachitatu nyumba yonse inanunkhira.
Anapsa onse, bwinobwino, mpaka pakati.
Anyamatawo anakhala pakhonde ndi mchere m'kapepala,
akusenda, akutafuna, akugwedeza mitu:
"Vuto ndi babu lachisanu. Tiyesenso."
Amayi sanamulankhule mpaka Lachinayi.

Mwezi watha anandipempha ya mota.
Ndinamutumizira mawu a mphindi zinayi,
ndili m'chimbudzi cha odwala, magolovesi ali m'manja:
kodi umayesa mapaundi amayoyoka ngati masuku?
Ndimatembenuza nkhalamba usiku wonse ine,
msana wanga sulinso wanga,
iwe uli ndi zaka makumi anayi, ukuseweretsabe mawaya.
Anamvera. Ndinaona timizere tiwiri tija.
Sanayankhe.

Pansalu paja amutsitsa ndi makwerero a ozimitsa moto,
mudzi wonse ukumuwowoza,
koma anzake atatu anyamula makina aja paphewa
mosamala, ngati mkwatibwi.
Wanthochi uja akupukuta tcheni ndi malaya ake.
Apa holo inaseka kwambiri.
Ine ndinangoti zii.

"Kwathu banja lililonse lili naye wotere,"
anatero Jincy, akundikulungira zotsala m'pepala.
"Wathu anapsereza nsidze za agogo."

Basi yomaliza, mawindo achita nthunzi,
ndajambulapo dzira ndi chala, ndafufuta.
Kwathu ili cha m'ma wani koloko.
Ndalemba: Mota ija ndi zingati?

Sipanathe mphindi.
Chithunzi chabwera, chamdima, chojambulidwa ndi tochi:
mawaya, gudumu la wilibala, chigubu chodulidwa pakati,
phazi la Dausi m'mphepete,
dzanja la Kachingwe litagwira kope lomwe lija.
Pansi pake walemba:
"Usafunse kaye kuti n'chiyani."