Adiresi Yopanda Makutu

Lachinayi madzulo, magetsi anali atapita kale,
jenereta ikutsokomola pansi pa masitepe.
Pansanjika yachinayi, kuseri kwa Msewu wa Cairo,
tinatsala awiri, ine ndi seva,
aliyense ndi kutentha kwake.

Mayi Njobvu anasiya kapepala pa kiyibodi:
"Limbikani, tipangire adiresi yongotumiza basi.
Makasitomala atitopetsa ndi mayankho."

Si ntchito yotulutsa thukuta.
Ndinalemba dzina, osayankha,
kenako kachilembo kodzizinga ndi mchira kaja,
kenako dzina la kampani.
Ndinaipatsa pakamwa, ndinaiphunzitsa moni,
ndinaidinda chidindo
kuti maseva a eni ake asaiyese mbala pachipata.
Makutu okha ndiwo anandiletsa.
Mzere umodzi ukanakwana:
chilichonse chobwerera
chigwere m'dzenje lopanda pothera.

Koma ndinati ndiyese kaye usiku umodzi.
Chitseko ndinachisiya chosakhoma.

M'mawa, nditatsika minibasi ya ku Mtendere,
fumbi likadali kunsapato,
ndinapeza makalata makumi atatu ndi awiri.
Ambiri anali a makina anzake:
ndili patchuthi,
bokosi ladzaza,
munthuyu anasiya ntchito kuno.
Wina anangoti zikomo.
Wina anatukwana m'Chibemba mizere itatu
osalakwitsa ndi chilembo chimodzi chomwe.

Ndiye iyi, yolembedwa usiku pakati,
ya Esinati Daka wa ku Chawama:

"Muli bwanji a Osayankha.
Bambo Yotamu anatisiya mu Juni.
Mwezi ndi mwezi mumawakumbutsa za inshuwalansi.
Foni yawo ndikusunga ndine.
Ikalira, wamng'onoyu amathamangira.
Chonde ndiuzeni ndipite ofesi iti."

Tiyi anazizira m'kapu.
Kunja makondakitala ankaitanira anthu a ku Matero
ngati palibe chachitika.

Mzere wa dzenje uja ndinaulemba ndithu.
Ndine wolembedwa ntchito,
ndipo lendi sidziwa chisoni.
Koma ndisanadine batani
ndinakopera dzina lawo pachikhatho ndi bolopeni,
ndinatsegula imelo yangayanga,
ija ili ndi dzina la bambo anga kumapeto:

"Mayi Daka, pepani ndi zovuta.
Ndine Limbikani Mvula, munthu.
Bwerani Lolemba ndi chikalata cha imfa.
Chikepe chinafa, mukwere masitepe pang'onopang'ono.
Mukafika mufunse ine."

Pano adiresiyo ikugwira ntchito bwino.
Makalata zikwi zinayi patsiku,
palibe ndi imodzi yomwe yobwerera.
Mayi Njobvu akuti mutu wawo unaphola.
Inki ya pachikhatho inatha ndi sopo wa Loweruka.

Koma ndikamadutsa pa kachipinda ka seva,
mafani akupukusa mphepo yozizira mumdima,
phazi langa limachedwa lokha.
Ndimapendeketsa mutu kukhomo.
Mlonda, a Zyambo, anandifunsa dzulo
kuti ndimamvetsera chiyani pamenepo.
Ndinati ndikuyesa ngati fani ili bwino.