Benchi la Kumbuyo

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndinkaonera anthu pagalasi,
kuchoka ku Cubao kukafika ku Quiapo.
Ndinkadziwa zipumi zawo. Nsapato zawo ayi.
Dzanja langa linkapita lokha kuseri kwa khutu,
chikhatho chili gada,
ndalama n'kugweramo yofunda,
ine osafunsa kuti waifunditsa ndani.

Chaka chatha ng'ala inandilanda chiwongolero.
Dokotala anangoti, "Bambo Temyong,
msewu wa Manila asiyireni ana."

Lero ndalowera khomo la kumbuyo kwa jipini,
chowerama, monga ndinkaweramitsira ena.
Mabenchi awiri oyang'anizana, mawondo kugundana.
Woitanira akukuwa kuti malo a awiri alipo,
bodza lomwe ndinkamulipira kuti azinena,
ndiye ndakhalira thako limodzi.

Mayi wa kukhomo, wa thumba la nsomba zouma,
watambasula mkono: "Tandipatsirani."
Walandira mtsikana wophunzira unamwino,
wapatsira mnyamata wodinda chinjoka pakhosi,
amene mayiyo atakumana naye usiku
angawolokere tsidya lina la msewu.
Mnyamatayo waika m'dzanja langa.
Nditembenuka, ndipereka kutsogolo.
Chenji chabwerera njira yomweyo
osatayika ndi khobidi lomwe.
Komatu tonsefe kwathu timakhoma ndi maloko awiri.

Phazi langa likuponda buleki yomwe palibe.
Woyendetsayu akhota mochedwa,
akukoka giya ngati ali nayo mangawa.
Ndayasama kuti ndimuuze.
Ndatsekanso pakamwa.
Kuno umapereka khosi lako
kwa munthu amene wangomuona nkhongo.

Luningning, mkazi wanga, anakhala pabenchi ili moyo wake wonse,
popita kokachapa nsalu za m'chipatala.
Madzulo ankabwera ndi nkhani za anthu opanda mayina:
wina analira chamumtima kuyambira pa Rotonda,
wina anasenza keke pamiyendo ngati khanda.
Ine ndinkati, "Iwe, n'zako zimenezo?"
ndikuwerenga makobidi patebulo.
Anapita ndisanamufunse
ngati keke uja anafika wathunthu.

Mvula yayamba. Tatsitsa mapulasitiki a m'mawindo,
mpweya wathu wasanduka umodzi:
dizilo, nsomba, sopo wa namwino.
Bambo wa simenti m'zikhadabo wayamba kusinza,
mutu wake ukupendama, ukudzuka, ukupendama,
mpaka wapeza phewa langa.
Ngolemera. Tsitsi likununkha fumbi.
Sindikudziwa kwawo, iye sadziwa dzina langa.

Khobidi ndagwira kale m'zala
loti ndigogode pachitsulo cha kudenga.
Apo pa España, potsikira panga,
sitolo ya mankhwala a maso ili apo,
chikwangwani chake chobiriwira chikudutsa,
chadutsa.
Namwino wandiyang'ana, waona khobidi,
waona mutu uli paphewawu,
wasuntha bondo lake pang'ono
kuti ndikhale bwino.