Mafunso Asanu ndi Anayi

Lachitatu, pa chipatala cha Muloza,
anandipatsa pepala la mafunso asanu ndi anayi
ndi bolopeni yomangirira ulusi patebulo.
Funsani wamkulu aliyense, anatero asisitala,
ngakhale amene wadzera chifuwa.

Analowa bambo Mukhito, othyola tiyi ku esiteti,
zala zitada ndi masamba,
chipewa atachipana m'khwapa.
Bondo, anatero. Ndadzera bondo basi.

M'masabata awiri apitawa,
kodi chidwi chakutherani pa zinthu zomwe mumakonda?
Anaseka. Zomwe ndimakonda ndi ziti, mwanangu?
Sikelo ikakwana makilo, ndimakonda.

Nanga tulo, mumagona bwino?
Ndimagona ngati mvula sikugwa.
Ikagwa ndimakhala pakhomo, nsapato kuphazi,
kumvetsera phiri.
Pepala lili ndi timabokosi tinayi:
ayi, masiku ena, masiku ambiri, tsiku lililonse.
Mulibe bokosi la mvula.

Kodi mumakhala okhumudwa?
Anawatenga mawuwo ngati ndalama ya kutsidya kwa malire,
kuitembenuza, kundibwezera.
Ife timati kuganiza kwambiri.
Mayi anga akanatchula m'Chilomwe, koma mawuwo ndinawataya
pamodzi ndi mbale, mbuzi ziwiri ndi Esinala,
usiku umene napolo anatsika.

Funso lomaliza ndimaliopa.
Malovu amauma ndisanalifike.
Kodi munaganizapo kuti bola kufa?
Kunja wakabaza analiza belu,
khanda linalira pa sikelo ya ana.
Bambo Mukhito anasisita chipewa pa bondo lija.
Zaka zonsezi, anatero, palibe anandifunsapo.
Kutchalitchi amati limbani mtima. Kapitawo amati fulumirani.
Ndiyankhe tsopano, kapena mulembe kaye?

Ndinaika bolopeni pansi.

Mzere unatalika mpaka pa mtengo wa mango,
asisitala anasuzumira kawiri.
Pomaliza ndinawonkhetsa: khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Ndinalemba tsiku loti akaonane ndi adokotala ku Boma,
ndi mankhwala a bondo,
poti bondolo linkawawadi.
Potuluka anabwerera pakhomo:
Ena a kulaini kwathu ndiwauze abwere?

Madzulo, mu minibasi yochokera ku Limbuli,
pepala lotsala lili pamiyendo panga,
nkhungu itaveka phiri mpaka m'chiuno,
ndinadzifunsa ndekha funso loyamba,
lachiwiri,
pa lachitatu kondakitala anandigwira phewa:
Mayi, simutsika? Mwapitirira.