Njere Imodzi ya Mpunga

Che Twaibu anati ndiyambe ndapukuta thukuta.
Purosesa inali m'dzanja langa,
yopepuka ngati bisiketi,
mtengo wake matumba anayi a faya.

"Kona ya chizindikiro ipeze inzake.
Osakankha, Asiyatu.
Mlendo ameneyu mpando wake amaudziwa."

Inakhala yokha, phee.

Phala lotuwa lija ndinafuna kulipaka
ngati majarini pa buledi.
Anandigwira mkono:
"Njere imodzi ya mpunga, basi."

Masikuluwu anayi, kumanga mopingasa.
Fani pamwamba.
Waya wake ndinaiwala kulumikiza,
iwo anangotsokomola.

Kunja Nkhotakota ikuwira,
malata akuthetheka ndi dzuwa la Okutobala.
Ndinadina batani.

Zii.

Mtima unagwera m'mimba.
Che Twaibu analoza babu kudenga, akuseka:
magetsi anali atathima kalekale.