Pakamwa pa KaSienta

Ndinapatsa Che Imedi zikwi makumi atatu
kuti adule ekizozi, awotcherere chipaipi chonenepa,
kaSienta kanga kaleke kutsokomola,
kazibangula.

Kanabanguladi.
Pa M'baluku mbuzi zinadula zingwe,
akabaza anapotoza makosi,
ine chigongono pawindo, mapewa m'mwamba.

Lachiwiri, nditangotsika mlatho,
dzanja linakwera pakati pa msewu.
Mayi wa chipewa choyera sanakalipe.
Anangoti, “Tapondaninso, ndimve bwino.”
Ndinaponda.
Nanenso mano anandiyayamira.

“Ndinu eti,” anatero,
“mumandidzutsira khanda ku Mpondasi usiku uliwonse.”
Cholembera chinayamba ulendo wake.
Ndinati bwana, ndinati achemwali,
ndinatchula mtengo wa petulo,
osadzutsa mutu.

Kapepala kopepuka ngati tsamba la bwemba
koma m'thumba kakulemera
kuposa thumba la chimanga limene kadya.

Lero ndabwerera kwa Che Imedi.
Akuseka, moto uli m'manja:
“Potsegula pakamwa munalipira,
potseka mulipiranso.”

Usiku uno ndidutsa ku Mpondasi
monyang'ama, ngati wangongole.
Mwana wa eni agone.